Mutu 6: Tsiku Limene Seva Inatsamwa

1. Chenjezo la azakhali

Dzina loti Kamphepo sanachite kulitola panjira. Anamupatsa ndi azakhali ake, chifukwa mtsikanayu kuyenda sankakudziwa, kwake kunali kuthamanga basi. Ukamutuma, ankanyamuka usanamalize kunena kumene ukumutumako. Foni yake ikangochedwa pang'ono, ankaizimitsa n'kuiyatsanso, uku akuikalipira ngati ili ndi makutu.

Atamaliza sukulu ya sekondale, azakhali akewo anamutenga kuti aziphunzira ntchito ya makompyuta pachipatala chimene iwo ankagwira. Ofesi yawo inali kachipinda kopanda windo, kuseri kwa malo operekera mankhwala. M'menemo munali tebulo, mipando iwiri, ndi seva, chikompyuta chakuda chimene chinkasunga zonse za odwala: maina, mankhwala ndi zotsatira za kulabu. Makompyuta ena onse a pachipatalapo ankafunsa kwa iyo.

M'mawa wa tsiku limeneli azakhali anaitanidwa kuti akakonze makompyuta kuchipatala china chaching'ono, kutali kumene foni sigwira. Atafika pakhomo, chikwama chili paphewa, anatembenuka.

"Khala pansi kaye, Kamphepo. Ndikudziwa kuti mpando umakuwotcha, koma khala.

"Seva ikadzayamba kuchedwa, aliyense adzakuuza kuti uzimitse n'kuyatsanso. Abwana adzatero, anamwino adzatero, ngakhale mlonda wa pageti adzatero. Iwe batani limenelo usalikhudze. Sindikunena kuti kuzimitsa sikuthandiza ayi. Nthawi zina kumathandiza. Koma uyambe wadziwa chimene ukutaya.

"Taona anzathu opereka mankhwalawa. Mankhwala onse amakhala kusitolo, koma amene amafunidwa pafupipafupi amawaika pashelefu ya pawindo, kuti asamangothamanga. Seva nayo ili choncho. Sitolo yake ndi disiki: ndi yaikulu, siiwala, koma ndi yochedwa. Shelefu yake ndi kashe, imene imakhala mu memole, mmene seva imagwiriziramo zinthu kwa kanthawi. Imeneyo ndi yachangu, koma ndi yaing'ono, ndipo ukangozimitsa, zonse zili pamenepo zapita.

"Tsono tchera khutu apa. Zotsatira zochokera kulabu zimayamba zaima pashelefupo, pamzere, kudikira kuti zilembedwe mu disiki. Makina athu oyezera magazi aja ndi nkhalamba. Kagalasi kake kowerengerapo kanafa kalekale, ndipo akatumiza, amaiwala. Ukazimitsa seva zotsatira zidakali pamzere, wazitaya. Ndipo usaganize kuti wataya manambala, mwana wa achimwene anga. Wataya magazi a munthu.

"Ndiye ikadwala, uifunse kaye pamene pakupweteka. Purosesa, ubongo wake uja, ikugwira bwanji? Memole yatsala bwanji? Disiki ikuchita chiyani? Nanga ndani akuifunsa mafunso? Dokotala amene amalemba mankhwala asanamuone wodwala si dokotala, ndi chigawenga."

"Ndamva, azakhali," anayankha Kamphepo, diso limodzi lili pafoni.

"Wamva ndi makutu. Tiona ngati manjawo amvanso."

2. Mwana wosalira

Tsikulo silinali tsiku wamba. Abwana, mkulu woyendetsa chipatalacho, ankayembekezera alendo ochokera kulikulu. Chimene ankafuna kuwaonetsa kwenikweni chinali sikirini yaikulu yatsopano imene anyamata a kampani ina anapachika m'chipinda chodikirira sabata yathayo. Inkaonetsa nambala ya wodwala wotsatira ndi khomo loti alowe. Chiiyatsireni sinazimitsidwepo, ndipo abwana ankaikonda moti ankaipukuta okha ndi mpango wawo wa m'thumba.

Dzuwa litakwera pang'ono, foni ya mu ofesi inalira. Anali a polembetsa odwala.

"Kompyuta yathu ikungozungulira kuno! Dzina limodzi tikudikira ngati basi ya kumudzi."

Kamphepo asanaike foni pansi, opereka mankhwala anayamba kumenya khoma. Anasuzumira panja. Mzere wa odwala unali utatuluka pakhomo, n'kukhota pakhonde, n'kukafika padzuwa.

Kenaka anatulukira anamwino aakulu a kuwodi ya ana, mayi wojintcha amene ngakhale madokotala ankamupatsa njira.

"Iwe mwana, azakhali ako ali kuti?"

"Achoka, abwera madzulo."

"Madzulo! Tiye kuno. Ndikufuna uone ndi maso ako."

Anamugwira dzanja n'kumukokera kuwodi. Pabedi la pakona panagona kamnyamata kosafika zaka zoyambira sukulu. Milomo yake inali yotuwa, maso otseka mosamaliza. M'manja monse ndi kumapazi kunali timapulasitala toyera. Mayi ake anali atakhala pansi, mutu atautsamiritsa pachitsulo cha bedilo.

"Ukuona timapulasitalato?" anatero anamwino chapansipansi. "Paliponse pamenepo tabaya. Mitsempha yake yathawa. Titavutika kuyambira m'bandakucha tapeza timagazi pang'ono, tapititsa kulabu, ayeza, atumiza, ndipo timagazito tatha. Adokotala akudikira zotsatira kuti adziwe chomupatsa. Kumupatsa mongoganizira, tikhoza kumupha. Zotsatirazo zili m'chikompyuta chanucho, ndipo sizikutuluka."

Mayi aja anadzutsa mutu. Maso awo anali ofiira.

"Mwanawe, akuti wa makompyuta ndiwe? Chonde, asamubayenso. Poyamba amalira akamubaya. Komaliza kano sanalire n'komwe."

Kamphepo anachita mantha, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chiyambire ntchitoyi. Anatembenuka n'kuliyatsa liwiro.

3. Kuthamanga sikufika

Mu ofesi muja seva inkalira mosiyana ndi masiku onse, ngati galimoto yolemedwa pachitunda. Kamphepo analemba lamulo loyamba, louza seva kuti imuonetse zotsatira za kulabu. Zilembo zinkaoneka pasikirini ya kompyuta yake mochedwa, chimodzichimodzi.

Yankho litabwera, anaona mzere wa zotsatira za kulabu. Zonse zinalipo, za mwana uja zili pakati, koma mzerewo sunkasuntha.

Apa ndi pamene mtsikana wathuyu anaiwala zonse zimene anauzidwa m'mawa. Abale inu, chizolowezi n'chovuta! M'malo moifunsa seva, anangogamula yekha mlandu.

"Ndi a polembetsa aja. Makompyuta awo achuluka, onse akufunsa nthawi imodzi."

Anathamangira kumeneko n'kuwauza kuti azimitse makompyuta awo onse. Makalaliki anayang'anana, koma poti wanena ndi wa makompyuta, anazimitsa. Odwala ataona zimenezi anayamba kuwiringula.

"Tsopano atseka ndithu! Ife tabwera m'mamawa!" anakuwa bambo wina.

Kamphepo anabwerera mu ofesi akupuma wefuwefu. Anayang'ana mzere uja. Sunasunthe ngakhale pang'ono, ndipo seva inkalirabe chimodzimodzi.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali abwana, atavala jekete ndi tayi, thukuta lili kamukamu.

"Kodi ndiwe wazimitsa makompyuta a polembetsa?"

"Ndine, abwana."

"Zathandiza?"

"Ayi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Zimitsa chinthu chimenecho n'kuyatsanso! Azakhali ako asanabwere pano tinkatero, ndipo chipatala chinkayenda. Kunjaku kuli anthu odwala aima padzuwa. Agogo ena angokhala pansi chizungulire chitawagwira. Alendo ali panjira. Dina batanilo!"

Kamphepo anaimirira n'kupita pamene panali seva. Batani lake linali lozungulira, lowala, losavuta. Chala chake chinafika pomwepo chokha, monga chinkachitira pafoni tsiku ndi tsiku. Kungodina, phokoso lonseli likanatha, ndipo palibe akanamuimba mlandu, poti walamula ndi bwana.

Anachotsa chalacho n'kuika dzanja kumbuyo.

"Abwana, pepani. Ndalakwa kuzimitsa makompyuta aja. Ndinangoganiza, sindinayang'ane. Awauze ayatse. Koma batani ili ayi."

"Wati chiyani?"

"Muli zotsatira za mwana wa kuwodi uja. Sizinalembedwe mu disiki. Ndikazimitsa, zipita, ndipo magazi ena oyeza palibe."

Abwana anamuyang'anitsitsa. Sanali munthu woipa. Anali munthu amene chipatala chonse chinali pamutu pake.

"Mvera, mwana iwe. Ine ndayendetsa chipatala chino iwe usanayambe sukulu. Ndaonapo anthu akukomoka pamzere, ndipo ndikudziwa kuti wodwala si mmodzi yekha. Walakwitsa kale kamodzi m'mawa uno. Ukalakwitsanso, amene adzayankhe ndi azakhali ako, chifukwa chosiya chipatala m'manja mwa mwana. Ndikukupatsa mpata mpaka galimoto ya alendo ilire pageti. Ikangolira, batanilo ndidina ndekha."

Anatuma munthu kuti makompyuta a polembetsa ayatsidwe, iwo n'kuima pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Anamwino aja nawo anafika n'kuima pambali pawo.

4. Kufunsa pamene pakupweteka

Kamphepo anakhala pampando, ndipo ulendo uno mpandowo sunamuwotche. Anapuma mozama n'kuyamba ndi funso loyamba la azakhali.

Purosesa, imene imachita masamu onse a seva, inali phee. Sinkagwira ntchito yolemetsa. Inkangodikira.

"Si iyeyu," ananong'ona.

Funso lachiwiri. Yankho linachedwa moti anamwino anayamba kugwedeza phazi. Litatuluka, Kamphepo anatong'ola maso. Memole inali yodzaza mpaka pakamwa.

Funso lachitatu silinafunenso kulemba. Kagetsi ka disiki, kamene masiku onse kamaphethira mwa apo ndi apo, kanali kangoyaka osazima.

"Tiuzeko nafe, tisangoima ngati mitengo," anatero anamwino.

"Shelefu yadzaza, mayi. Seva yasowa poika zinthu, ndiye ikungonyamula katundu kupita naye kusitolo, kubwera naye, kupitanso. Ntchito yeniyeni yasiya. N'chifukwa chake zotsatira zija zaima."

"Nanga wadzaza shelefuyo ndani?"

Limenelo ndilo linali funso lachinayi. Kamphepo anatsegula kashe kuti aone zimene zinali m'katimo. Ankayembekezera kuona zinthu zosiyanasiyana: maina a mankhwala, maina a mawodi. Koma anaona chinthu chimodzi chobwerezedwa mosawerengeka, mzere pamwamba pa mzere. Linali yankho la funso limodzi lokha: wotsatira ndani?

Anayang'anitsitsa. Funso lililonse linkabwera litamatidwa nthawi imene lafunsidwa. Tsono poti nthawi imasintha, seva inkaliona ngati funso lachilendo. M'malo mopereka yankho limene linali kale pashelefu, inkapita kusitolo, n'kubwera ndi lina, n'kuliunjika pamwamba pa anzake. Ndipo palibe amene anaiuza kuti mayankho akalewo izitaya.

Chinyalala chonsecho chinamukwiyitsa. Zala zake zinathamanga n'kulemba lamulo losesa kashe yonse nthawi imodzi. Linali lamulo lalifupi, lokoma kulemba. Chala chinali m'mwamba kale, chikutsika.

Anaima. Mzere wa kulabu unali pashelefu yomweyo.

Anafufuta lamulolo chilembo ndi chilembo, osauza munthu chimene chinatsala pang'ono kuchitika. Kenaka anafufuza kumene mafunsowo ankachokera. Onse ankachokera pamalo amodzi, ndipo dzina lake linalembedwa poyera: chipinda chodikirira.

Panja panamveka hutala. Mlonda anayamba kukoka geti.

Abwana anamasula manja n'kuponya phazi kulowa mu ofesimo.

"Ndachipeza, abwana! Ndi sikirini yatsopano ija. Chiipachikireni yakhala ikufunsa osapuma, usana ndi usiku, ndipo lero shelefu yadzaza. Ndiyenera kuizula."

"Sikirini yanga? Lero? Alendo abwerera chimenecho!"

"Ndikasesa shelefu sikiriniyo ikufunsabe, idzazanso."

Abwana anayang'ana batani, anayang'ana kukhomo. Anamwino anakoka mpando wa azakhali, anauika kutsogolo kwa seva, n'kukhalapo ndi thupi lawo lonse.

"Bwana, kalandireni alendo anu, asaime okha panja. Iwe mwana, akuti umathamanga. Tathamanga tione."

5. Waya m'thumba

Pa moyo wake wonse, aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu amuuze Kamphepo kuti athamange. Sanadikire kuuzidwa kawiri.

Anadutsa pakhonde, anapinda pakona, n'kulowa m'chipinda chodikirira chimene chinali chodzaza thothotho. "Zikomo, zikomo, ndidutse nawo!" Anavula nsapato, anakwera pabenchi pakati pa amayi awiri, n'kupisa dzanja kuseri kwa sikirini. Kunali mawaya angapo. Anapapasa mpaka anapeza wopita ku seva, n'kuuzula mbali zonse ziwiri. Pothamangapo anakokanso wa magetsi.

Sikirini inada bii, nthawi yomweyo imene abwana ankalowa ndi alendo atatu ovala bwino, dzanja lawo litaloza kale kukhoma.

"Ndipo iyi ndiyo..." Mawu awo anathera pomwepo.

Alendo anaona sikirini yakuda, ndi mtsikana wopanda nsapato ataima pabenchi, waya uli m'manja. Kamphepo anachita manyazi oopsa. Anatsika, anawerama pang'ono mwaulemu, anatola nsapato zake n'kuthawa.

Mu ofesi anamwino anali pomwe anawasiya. Kamphepo anaika waya uja m'thumba n'kuyamba kusesa, koma mosankha. Anauza seva kuti ichotse mayankho a sikirini okhaokha, pang'onopang'ono, osakhudza china chilichonse. Inali ntchito yochedwa, yosayenerana ndi dzina lake. Analuma mlomo n'kudikira.

Memole inayamba kupeza mpata. Kulira kwa seva kunatsika. Kagetsi ka disiki kanaphethira kamodzi, kenaka kawiri.

"Mayi, taonani!"

Mzere wa kulabu unasuntha. Zotsatira zinayamba kulowa mu disiki, zina pambuyo pa zina. Za mwana uja zinakwera, zinafika pamwamba, n'kulowa. Kuseri kwa khoma wina wa opereka mankhwala anakuwa kuti, "Yabwera!"

Anamwino anadzuka pampando ngati mtsikana. Pakhomo anatembenuka n'kuloza chala.

"Ukanadina batani lija, ndikanakukhalira iweyo."

Masana, mzere wa panja utatha, Kamphepo anapita kuwodi mozemba. Asanafike n'komwe pakhomo anamva kulira kwa mwana, kulira kwaukali, kokwiya. Pabedi la pakona panali patapachikidwa thumba la magazi. Kamnyamata kaja kankalimbana ndi mayi ake, kakufuna kuchotsa paipi ya padzanja.

Mayiwo atamuona anaseka, misozi ikutsika.

"Ukumumva? Akulira! Alire, mwanawe, alire mpaka atope. Sanamubayenso zoyeza zija."

Kamphepo anangogwira chitsulo cha bedi, nayenso misozi ili mbwembwembwe.

Potuluka anakumana ndi abwana pakhonde, tayi atamasula. Nkhope yawo sinali yosekera.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu a kulikulu. Nkhani imeneyi sinathe, tikambirana azakhali ako akabwera." Anayenda pang'ono, n'kuima. "Mwana uja ali bwanji?"

"Akulira, abwana."

Abwana anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kumapita.

Kamphepo anabwerera mu ofesi kuti aonenso seva komaliza, azakhali akafika awafotokozere zenizeni. Purosesa inali bwino. Memole inali ndi malo ambiri. Kagetsi ka disiki kankaphethira mwaulemu. Anatsala pang'ono kudzuka, koma anakumbukira kuti mafunso aja anali anayi.

Anayang'ana amene ankaifunsa seva. A polembetsa analipo, opereka mankhwala analipo, a kulabu analipo. Pansi penipeni panali dzina lina limene silinayenere kukhalapo: chipinda chodikirira.

Anasendera pafupi. Wofunsayo ankalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi a sikirini, ngati kuti ndi iyo, koma sankafunsanso za wotsatira. Ankafunsa mwakachetechete, mosathamanga, maina a odwala ndi matenda awo, munthu mmodzimmodzi. Ndipo mafunsowo sankachokera m'kati mwa chipatala.

Kamphepo anaimbira azakhali ake. Foni yawo sinkapezekabe.

Anapisa dzanja m'thumba. Waya wa sikirini uja unali momwemo.